Mono wa Zainabu Unalephera Mayeso

Ndisanayambe, mboni zanga ndi izi: a Chipeta, omwe ndi a hedi athu, mayi Mbewe a Sitandade 4, amene sadziwa kunama ngakhale atafuna, ndi a Saidi, wapampando wa komiti ya sukulu, msodzi wa ku Liwaladzi konkuno. Onse ali moyo. Wokayika akawafunse, koma a Saidi musawafunse akudya, angatsamwe ndi phwete.

Zinayamba ndi wekishopu ya ku Dwangwa. Anatiphunzitsa kuti kuchonga ntchito ya mwana mongoyang'ana n'kwachikale. Mphunzitsi weniweni amayamba walemba rubiriki, tebulo lonena poyera chimene chikupatsidwa malikisi, ndiponso angati. Ndinabwerako ndili munthu wina. Mu minibasi ndinachonga kondakitala (ulemu, 3 pa 10). Kunyumba ndinachonga tiyi wa akazi anga, koma zotsatira ndinasunga mumtima.

Sabata yomweyo ndinapatsa ana a Sitandade 7 ntchito yamanja: aliyense aluke mono. Rubiriki ndinaijambula pa tchati, mizere yowongoka moti mayi Mbewe anaima pakhomo n'kupukuta magalasi. Kukongola, 10. Ukhondo, 10. Utoto, 10. Kulemba dzina looneka bwino, 5. Kubweretsa pa nthawi yake, 5.

(Ndiulule pano kuti kwathu ndi ku Ntchisi, kumapiri. Nsomba ndimaidziwa ikakhala m'mbale.)

Lachisanu miono inabwera. Wa mnyamata wina dzina lake Limbani unali wopaka zofiira ndi zobiriwira, ndi maluwa apepala. Ndikulumbira, gulugufe anaterapo. Anapeza 40 yonse. Zainabu, mwana wa a Saidi, amene sachoka pa nambala wani, anabweretsa wake Lolemba, ukudontha matope, fungo likufika ku ofesi ya a hedi. M'kati munali milamba inayi, umodzi ukupumabe.

"Wachedwa bwanji?" ndinamufunsa.

"Ndimauyesa kudambo, aphunzitsi."

"Rubiriki sinanene zoyesa."

Ndinatsata tebulo mokhulupirika. Kukongola, 2. Ukhondo, ziro. Utoto, ziro (matope ndinawaganizira, koma ayi). Dzina linatsala zilembo zitatu, zina madzi anafufuta. Zonse pamodzi, 5. Ndinamata zotsatira pakhoma.

Lachiwiri Zainabu sanabwere. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi anabwera bambo ake, atavala mkanjo woyera, n'kukhala mu ofesi ya a hedi modekha. Kudekhako n'kumene kunandiopsa.

"Aphunzitsi, mwana uja akuti sukulu basi. Akuti ngati mono wogwira nsomba ukulephera, iye sakudziwa chimene akuphunzira kuno. Ndanyengerera, wakana. Ndiye ndati ndidzaone wopambanawo, mwina nanenso ndiphunzirepo."

Ndinatenga wa Limbani monyadira. A Saidi anautembenuza, kusuzumira uku, kusuzumira uko.

"Nsomba ilowera pati?"

Ndinayang'ana. Mwanayo anali ataluka mbali zonse, n'kumata duwa pamene pakanakhala khomo.

"Mwina imagogoda kaye," anatero a Chipeta, nkhope ili gwa.

Mayi Mbewe, amene amamvetsera pawindo, anaseka mpaka minibasi inaima kumsewu poganiza kuti wina waimitsa. Izi n'zoona, dalaivala anafika kudzafunsa.

Ndinayesa kudziteteza ndi mawu a ku wekishopu. A Saidi anandilola kumaliza, kenako anawerenga tchati changa ndi chala, mzere ndi mzere.

"Pepala lanu ndi labwino, aphunzitsi. Langosowa nsomba."

Masana omwewo tinalemba rubiriki ina, a Saidi akunena, ine ndikulemba ngati mwana wa Sitandade 1. Khomo lolowetsa koma losatulutsa. Mipata yoti tiana ta nsomba tipulumuke. Kulimba m'madzi. Ndipo pamwamba penipeni: mukhale nsomba, 20. Kukongola ndinakupempherera, anandisiyira 2.

Ndinachonganso miono yonse, ndinapepesa pamaso pa kalasi, ndipo a Saidi anatenga uthenga kunyumba. Lolemba m'mawa ndinaona Zainabu ataima pakhoma, akuwerenga 38 yake.

"Awiriwo apita kuti, aphunzitsi?"

"Kukongola."

Anayang'ana mono wake, n'kugwedeza mutu. "Chabwino." Anakhala pansi n'kutulutsa kope. Mpweya umene ndinausunga kuyambira Lachiwiri ndinautulutsa nthawi imodzi, tchati chinagwa pakhoma.

Olephera ndinawapatsa sabata ziwiri kuti alukenso. Limbani anabwera nawo wa khomo ndithu, ndipo m'kati munali nsomba: usipa wouma, wothira kale mchere, uli m'kapepala ka kumsika. Ndinawerenga rubiriki kawiri. Imati mukhale nsomba, ndipo nsomba zinalimo.

Ndinamupatsa 20 yake, usipa ndinalanda ngati umboni. A Chipeta angachitire umboni pa zimenezi, chifukwa anadya nawo.