Sabata imene laputopu inati chimanga chatsopano chapambana

Lolemba

Yatuluka! Nambala ya p, ija ikachepa timati kusiyana kwa zokolola si kwangozi, yatsika kunsi kwa 0.05. Ndapukuta magalasi, ndayang'ananso pa laputopu, ikadali pomwepo. Kukoleji amati "siginifikanti". Ine mlangizi wa zaulimi wochokera ku Thyolo, amene alimi a kuno ku Kaseye amamuseka Chitumbuka chake chopunduka, lero ndine munthu wa sayansi.

Kafukufuku wake ndi uyu: minda khumi ndi iwiri, uliwonse wogawa pakati. Theka mbewu yatsopano ya chimanga, pozungulira zikhomo zanga zofiira. Theka linalo chamakolo. Tinakolola, tinayeza pa sikelo, chatsopano chaposa.

Zochita sabata ino:
1. Kutumiza zotsatira kwa aphunzitsi anga a kukoleji.
2. Kusita shati yoyera.
3. Loweruka kuuza alimi onse kuti chamakolo achisiye.

Kudikira kwandikanika. Panjira ndakumana ndi Mayi Nalungwe, amene anali oyamba kundipatsa munda, ndawauziratu. Ali ndi mbewu yamakolo yopachika pautsi m'khitchini, ikudikira mvula. Ndati ilibenso ntchito. Ati, "Yewo chomene, alangizi. Makina akanena, ife ndife ndani?"

Lachiwiri

Aphunzitsi ayimba foni. Olo kuti "mwachita bwino", ayi ndithu. Akungofunsa, "Chaposa ndi zingati?"

Funso lanji limeneli! Ndikuwakumbutsa kuti ndi siginifikanti. Akuti mawuwo satanthauza kuti kusiyanako ndi kwakukulu. Amangonena kuti mbewu ziwirizi zikadakhala zofanana ndithu, kusiyana kotereku sikukadaoneka kawirikawiri. Ndikuti chabwino, ndiye kuti ndi chitsimikizo choti ndalondola. Akuti, "Ayinso, bambo. Bwererani m'buku."

Anthu a m'tauni nsanje. Shati ndasita.

Lachitatu

Mphepo ya kuno, zala zikuuma. Ndikuwerengera monyinyirika funso la dzulo lija. Kusiyana kwake pa theka la munda: beseni limodzi losadzaza. Beseni! Longa lomwe ndimatsukiramo mbale.

Zimene sindinayeze n'komwe:
anankafumbwe m'nkhokwe,
mmene chimakonokera mumtondo,
zoti chatsopanochi sungasunge mbewu yake n'kudzalanso chaka chamawa.

Mtima sukukhazikika. Komabe beseni ndi beseni, ndipo p sananame. Loweruka ndilankhula, kungoti motsitsako mawu.

Lachinayi

Mayo ine!

Ndapita kwa a Simwaka, mmodzi wa eni minda, kukawakumbutsa za msonkhano. Andilandira bwino, andipatsa mpando. Kenaka monyadira akuti, "Cha m'zikhomo zanu sitinakhudze olo chimodzi, alangizi. Nthawi ya njala ija dowe tinkathyola mbali yathuyi. Ana ndinawaletsa ndi chikwapu."

Ndaseka nawo monamizira, ndatsanzika. Njinga, khomo lachiwiri. Chimodzimodzi. Lachitatu, chimodzimodzi. Mayi wina mpaka wakwiya kuti ndikumuganizira kuba za boma. Miyezi iwiri yathunthu mabanja akuwotcha ndi kuphika chamakolo, changacho akuchilondera ngati mwana wa mlendo. Nanga pa sikelo chikadalephera bwanji kupambana?

Ndiye kuti kusiyana kulipodi, sikunabwere mwangozi. Koma laputopu sinandiuze chimene chinabweretsa kusiyanako, ndipo ine sindinafunse. Ndinkati ndikuyeza mbewu, pomwe ndikuyeza ulemu wa anthu a ku Kaseye.

Lachisanu

Minda yosathyoledwa ndi itatu yokha, ya kutali ndi nyumba. Ndaika itatuyo m'makina. Nambala ya p yalumpha mpanda wa 0.05 uja, ili kumwamba uko.

Sindigonja. Ndikuyesa china ndi china: kutalika kwa phesi, kuchuluka kwa masamba, kunenepa kwa chisononkho, zonse zomwe ndinalemba m'kope. Masana chimodzi chatulukira: ngayaye za chatsopano n'zazitaliko. Siginifikanti!

Aphunzitsi pa foni: "Mukayesa zinthu zambirimbiri, china chidzatuluka mwangozi basi. Kodi ngayaye amadya? Lekani."

Ndikuti ndiye ndilembe kuti mbewuzi n'zofanana. Akuti, "Sindinatero. Minda itatu singakuuzeni zimenezo. Simukudziwa, basi."

Ndiyenera kupita kwa Mayi Nalungwe lero lomwe kukawauza kuti mbewu yawo ija aisunge. Njinga ili bwinobwino, mphepo m'matayala ilimo. Manyazi okha. Ndiwapeza mawa kumsonkhano.

Loweruka

Anthu adzaza pansi pa mango. Shati yoyera. Ndapereka moni m'Chitumbuka, sanaseke, mwina aona nkhope yanga.

Ndanena zonse: za beseni, za dowe, zoti cholakwa si chawo koma changa posawauza kuti asathyole mbali zonse ziwiri. Ndamaliza ndi mawu amene mlangizi sawanena: sindikudziwa yomwe ili yabwino.

Kenaka a Simwaka: "Ndiye tikadakuberani, sayansi ikadayenda bwino?" Anthu phwete! Inenso ndaseka, ndamva kupepukidwa.

Mayi Nalungwe sakuseka. Adikira anthu abalalike. Akuti, "Mbewu ija ndinakagayitsa dzulo masana, alangizi. Ndinabwera nayo kuchokera kwathu ku Chisenga pokwatiwa."

Dzulo masana. Nthawi yomwe ine ndinali kalikiliki ndi ngayaye.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Potuluka, thumba lopanda kanthu panjinga, khomo ndi khomo kupempha mbewu yamakolo. Uyu kambale, uyu zimanga ziwiri. Bambo wina wandifunsa, "Si inu munati ilibe ntchito?" Ndati ndine. Wandipatsabe.

Mutu wachinayi wa lipoti langa la kukoleji, wa zotsatira, uli ndi tsamba limodzi lokha. Aphunzitsi akuti ndi tsamba loyamba loona lomwe ndawatumizirapo. Sizikundisangalatsa. Chaka chamawa ndiyambiranso, ngati alipo wondipatsa munda.

Dzuwa likupendeka ndafika kwa Mayi Nalungwe. Ndagwada, ndapepesa, ndawapatsa thumba. Atapamo dzanja, aziyang'ana njerezo nthawi yaitali, akuzitembenuza ndi chala. Yawo inali ndi timizere tofiira. Mu thumbali mulibe olo imodzi yotero.

Akuti, "Si yomweyo, alangizi. Koma imera."