Tchizi chinandidyera mkazi

Ana anga akandifunsa chifukwa chimene mayi wina wa ku Mtenguleni amanditchulira kuti achimwene pamene ine ndine wa ku Zomba, ndimayamba kutsokomola n'kufunsa ngati mbuzi zamwa madzi. Ndazemba funso limeneli zaka zambiri. Lero ndiulule, poti manyazi nawo amakalamba, koma mudziwiretu kuti m'nkhani ino mulibe pamene ine ndikuoneka wanzeru.

Zinali zaka za Chitaganya pamene anandisamutsa kuchoka kwathu ku Nyasalande kudzagwira ukalaliki pa positi ya ku Foti Jemusoni, kumene lero mukuti Chipata. Ndinafika ndi sutikesi imodzi, jekete imodzi ndi matenda awiri. Oyamba anali tchizi. Ndinachizolowera ndili pasukulu ya mishoni, potsuka mbale za ansembe, pamene timakoko totsala tinkathera m'kamwa mwanga. (Anzanga ankati chimanunkha ngati sokosi. Ine ndinkati ndicho chitukuko.) Matenda achiwiri anali kukayikira. Ndinali nditatsimikiza mumtima kuti munthu aliyense wa dziko lino akadzuka m'mawa amayamba waganiza mmene angapusitsire Mnyasa. Wina akandipatsa moni wansangala, ndinkagwira m'thumba.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anatsala pang'ono kundichiritsa. Dzina lake Felesiya, mwana wa aZulu a ku Mtenguleni, mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono pasukulu ina m'tauni. Ankabwera kudzagula masitampa Lachisanu lililonse, ndipo ine ndinkachedwa dala kung'amba masitampawo. Ndinamukonda, ndinene mosabisa, ndinamukonda moti ndinkaiwala kudinda makalata. Atandilola, ndinatha sabata yathunthu ndikudzifunsa kuti walola msanga chonchi akufunanji. Komabe tinagwirizana kuti mvula ikatha ndikaonekere kwa makolo ake, ukwati uchitike chaka chomwecho.

Tsono tchizi. M'tauni yonse chinkapezeka m'sitolo imodzi ya azungu, ndipo ife akuda sitinkalowamo. Tinkagulira pakawindo ka kumbali, moyang'anana ndi migolo ya zinyalala. Umatchula chimene ukufuna, dzanja limatenga ndalama, kenaka dzanja lomwelo limabwera ndi kaphukusi. Kachidutswa kangati bokosi la machesi kanandidyera malipiro a tsiku lonse. Sikelo sindinaione, ndiye ndinadziwiratu kuti andibera. Ndinathamanga nako ku positi n'kukaika pa sikelo ya makalata. Kanakwana ndendende. Munthu wabwinobwino akanakhala pansi n'kudya. Ine ndinayamba kukayikira sikelo ya positi, ndipo ndinatha masana onse ndikuyesa miyala yake umodziumodzi.

Amene anamva chisoni ndi aMbewe, bambo wachikulire wochokera ku Dedza, amene anali khukhi wa mzungu wina wa fodya ndipo anali atakhala kuno zaka zambiri. Tsiku lina anandibweretsera kanthu kokulunga m'nyuzipepala.

"Nayi ndiwo yanu ija, aKalaliki. Bwana wapita kutchuthi, wati titaye."

"Ndi zingati?"

"Aa, zingati za chiyani? Idyani."

Chaulere! Pamenepo ndinayamba kukayikira. Nditatsegula ndinapeza tchizi chamizeremizere yobiriwira, nkhungu yeniyeni, fungo lake lofika kwa aneba. Ndinakumbukira kuti aMbewe ali ndi mphwawo amene ankafuna ntchito pa positi. Zonse zinagwirizana bwinobwino m'mutu mwangamu: akufuna kundidyetsa poizoni kuti malo anga atsale. Ndinaganiza zoyesera kaye pa galu wa aneba, kachidutswa kakang'ono chabe, koma galuyo sanadziwe za kachidutswa. Anakhwatula phukusi lonse ndi nyuzipepala yomwe. Ndinamulondalonda masiku atatu kudikira kuti agwe. Ananenepa.

"Chinakoma?" anafunsa aMbewe titakumana kutchalitchi. "Chimenechotu ndiye chodula kwambiri. Bwana amachita kuitanitsa ku Halale, nkhunguyo n'kulipira padera."

Ndinati chinakoma zedi. Galu uja ankandigwedezera mchira mpaka tsiku limene ndinasamuka.

Apa ndinati basi, ndipanga ndekha. Ndinagula mkaka kwa bambo wina wa panjinga (nditauyang'anitsitsa padzuwa, poti ndinali nditamva kuti amathira madzi), ndinafinyiramo mandimu monga ndinkaonera kukhitchini ya ansembe, ndinamanga zogwiranazo m'kampango koyera n'kupachika pamwamba pa chitseko kuti zikhe. Pofika tsiku lachitatu ndinaona kuti anthu a m'komboni asiya kudutsa pakhomo panga. Amayi ankakoka ana awo n'kulambalala kuseri. Ndinati ehe, chiwembu chija chayamba. Osadziwa kuti iwonso akuti ehe, Mnyasa uja wapachika chithumwa. Anabwera akuluakulu atatu, zipewa m'manja, kudzandipempha mwaulemu kuti ndinene amene ndikufuna kumulodza. Kuti akhulupirire, ndinamasula kampangoko n'kudya pamaso pawo. Chinali ngati choko chonyowa. Ndinameza ndikumwetulira, misozi ili lengelenge, ndipo mmodzi wa iwo ananong'oneza mnzake kuti, "Wadya umboni."

Felesiya atamva anaseka mpaka kugwira khoma la positi.

"Inu mukuvutikiranji? Kwathu ng'ombe zilipo. Amayi amasunga amasi m'chipanda, ogwirana moti supuni imaima yokha. Otsala timapatsa agalu."

Amasi ndi amene kwathu timati chambiko, koma a Angoni ndi ena, olimba, otsala pang'ono kukhala tchizi. Ine kumva kuti akupatsa agalu, ndinaona kuti agalu a dziko lino akudya bwino kuposa makalaliki. Kuyambira tsiku limenelo ndikaganiza za ku Mtenguleni ndinkaona zinthu ziwiri, Felesiya ndi chipanda, ndipo sindilumbira kuti nthawi zonse Felesiya ndiye ankayamba.

Mvula itatha, aMbewe anavomera kukhala nkhoswe yanga, poti ndinalibe mbale kuno. Kutatsala tsiku limodzi, Felesiya anandiimitsa pamsewu, nkhope ili yosaseka.

"Mukakafika kwathu, chilichonse akakupatseni mukadye. Koma amasi musakakhudze. Ngakhale mukawaone pafupi, musakapemphe."

"Chifukwa?"

"Ndi mwambo wathu. Munthu amene akufuna..."

"Ndamva, ndamva," ndinamudula.

Ndinamudula chifukwa ndinali nditamva kale zanga. Agalu adye, Mnyasa asadye! Kutauni atigulitsira pawindo, kumudzi nako andiikira kawindo kena. Ndinasunga mawu amenewa mumtima ngati munga, ndipo ulendo wonse wa panjinga m'mawa mwake ndinkangowatembenuza. AMbewe ankandilangiza za kakhalidwe ka pamaso pa apongozi, ine ndinkangoti inde, inde, osamva kanthu.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo pafupi ndi khola. AZulu anali bambo wamtali, wa makutu oboola, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu akuchita kugula. Panalinso abale awo angapo. Felesiya ndi amayi ake anakhala chapatali ndi amayi ena. Anatipatsa thobwa ndi mtedza wokazinga, ndipo aMbewe anayamba kuyala nkhani mwaluso, kunditamanda moti ndinayamba kukayikira ngati akunena ine. Zinthu zinkayenda bwino. AZulu anagwedeza mutu kawiri konse.

Kenaka anabweretsa chakudya cha eni khomo, ndipo pakati pake panali chipanda chija. Anakhuthulira m'mbale yadothi. Abale anga, amasi ake! Oyera mbee, ogwa m'zibuma, kafungo kake kondikumbutsa khitchini ya ansembe. Mbale ija inayenda kwa aZulu, kwa ang'ono awo, kwa mwana wawo wamwamuna, n'kudzaima pafupi ndi bondo langa. Ife alendo anatiikira nkhuku yathuyathu. (Nkhuku yathunthu, taganizani. Koma munthu wokayikira saona chimene wapatsidwa, amaona chimene wamanidwa.)

"Bambo," ndinatero, "ndingalaweko amenewa?"

AMbewe ananditsina pantchafu. Ndinati mumtima, nawonso akuwafuna.

"Amenewo si anu, mwana wanga," anatero aZulu. "Idyani nkhuku."

Apa munga uja unatuluka. Ndinakonza jekete n'kuyamba kulankhula ngati ndili pamsonkhano. Ndinati kwathu ku Nyasalande mlendo sitimumana chakudya. Ndinati kutauni azungu amatipatsira zinthu pawindo, kodi ndi zoona kuti akuda okhaokha tiziikirananso mawindo? Ndinafika ponena kuti ndamva kuti amasi amenewa ngakhale agalu amadya. AMbewe anali atandiponda phazi mpaka chala kuchita dzanzi. Chapatali ndinaona Felesiya ataimirira, manja ali pamutu, amayi ake akumukokera pansi.

AZulu anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mukuwafunadi?"

"Ndikuwafuna."

"Aphunzitsi sanakuuzeni kanthu?" (Felesiya, ngakhale anali mwana wawo, ankamutchula choncho.)

"Anandiuza kuti Mnyasa asadye."

"Ndafunsa kachitatu tsopano, anthu amva. Mukuwafuna?"

Ndinakoka mbale ija n'kudya. Ndisaname, m'moyo mwanga sindinalawepo chinthu chokoma chotero. Ndinadya supuni yoyamba, yachiwiri, mpaka ndinakomba m'mbali, uku ndikuyang'ana uku ndi uku monyadira kuti ndathyola tsankho. Nditamaliza aZulu anaimirira, anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri n'kuitana banja lonse.

"Bwerani mudzamuone mwana wanga. Amasi a khomo lino amadya ndi a magazi a khomo lino basi. Mlendo sadya, mkamwini sadya. Uyu wadya pamaso pa anthu, ndiye kuti ndi mwana wa m'nyumba muno. Felesiya, bwera umupatse moni mlongo wako."

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za Angoni. Palibe wina anaseka. AMbewe anali atagwira chipewa kumaso.

"Bambo, pepani, sindinadziwe. Ndilipira mbuzi."

"Mbuzi ilowa m'mimba kukatulutsa amasi?"

"Ng'ombe, bambo."

"Iwe, unaonapo munthu akulowola mlongo wake?"

Onani, anali atasiya kale kunena kuti inu. Mwana sapatsidwa inu.

Felesiya anabwera, anagwada patali pang'ono monga achitira mlongo, maso ali ofiira. Sanakweze mawu.

"Ndinayamba kukuuzani pamsewu paja. Munati mwamva." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Mwaswera bwanji, achimwene?"

Mawu amenewo anandipweteka kuposa mbama, ndipo mpaka lero akandipatsa moni ndimawamva pomwepo. Pobwerera sitinakwere njinga, tinkangozikankha. Titayenda mtunda wautali, aMbewe anati, "Safunsa anadya phula. Koma inu, aKalaliki, anakuuzani, anakutsinani, anakupondani, anakufunsani katatu. Inu mwambi wanu sunapangidwe."

Ndinayesa kutumiza anthu kawiri kuti akapepese. Ankabwerako ndi moni wochokera kwa "atate anu" ndi chipanda chodzaza. Chaka chotsatira Felesiya anakwatiwa ndi mphunzitsi mnzake, munthu wofatsa amene sindinamupezepo chifukwa ngakhale ndinafufuza ndithu. Paukwatiwo ine monga mlongo wa mkwatibwi ndinapatsidwa ntchito yolandira alendo ndi kuyang'anira nyama. Mwamunayo amanditcha alamu, ndipo amanditcha mochokera pansi pa mtima, zimene zimandinyansa kwambiri.

Chipanda chinapitiriza kubwera mwezi ndi mwezi, poti mwana wa pakhomo samanidwa. Ndinaphunzira kufinya amasiwo m'kansalu, kuthira mchere n'kutsendereza ndi mwala, ndipo chimatuluka tchizi choti ansembe aja akanachitira nsanje. Sindinapitenso pakawindo kaja. Tchizi chotchipa chimene ndinasakasaka m'tauni yonse ndinachipeza, chaulere mpaka imfa. Mtengo wake unali Felesiya.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo kuleka kukayikira anthu. Ndinayesa. Koma taganizani nanunso: mphasa inali yaikulu, anthu anali ambiri, malo oika mbale anali mbwee. Inadzaima bwanji pafupi ndi bondo la Mnyasa? AZulu ndinawafunsa ali okalamba kwambiri, tili awiriwiri pakhola. Anandiyang'ana monga anandiyang'anira tsiku lija, n'kundikankhira mbale.

"Idya, mwana wanga. Ndi ako."

Ndinadya.