Mfuti ya a Lingisoni

Mwambi umene ndakuponyera uja, Zaithwa, pamene unafuna kunyamula mango, nzimbe ndi chikho cha thobwa nthawi imodzi n'kugwetsa zonse, chiyambi chake n'chotere. Pukuta misozi, thobwa amayi ako aphika lina. Lonjezo, bwera ukhale pamwendo panga, umusiye mphakayo. Ndikufotokozereni dzuwa likadalipo.

Kuseri kwa phiri lina kunali mkamwini, dzina lawo a Lingisoni. Mkamwini ndi mwamuna amene wakwatira n'kukakhala kumudzi kwa mkazi wake. Kumeneko munda si wake, mtengo wa mango si wake, ngakhale tambala amene amamudzutsa si wake. Akazi awo anali Nangondo, ndipo munda umene ankalima unali wa apongozi, mayi ake a Nangondo, munthu wamfupi koma wa mkono wolemera.

Pamudzipo mwambo unali wolimba. Mkamwini ndi apongozi aakazi sankayang'anana kumaso ndipo sankalankhulana. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Akafuna kuuzana kanthu, mawu ankadzera mwa Nangondo, ngakhale onse atakhala pabwalo limodzi. Zimenezi muzisunge, tizifuna kutsogoloku.

Mundawo unali m'munsi mwa phiri, ndipo phirilo linali la apusi. Chimanga chikangofika pa dowe, ankatsika m'mawa uliwonse ngati anthu opita kumsika. Banja lonse linkadalira munda umodziwo. Ukadyedwa, nkhokwe inkakhala pululu mpaka chaka china. Choncho ankalinda mosinthana pansanja, kuomba zitini, kuponya miyala ndi legeni, kukuwa mpaka mawu kusasa.

A Lingisoni ntchito imeneyi inkawanyansa.

"Nangondo," anatero tsiku lina, "uwauze amayi kuti munthu wandevu sangakalambe akuimbira apusi chitini. Ine ndikukagula mfuti."

Apongozi anali pomwepo, akusadzula nkhwani. Anayankha maso ali m'lichero.

"Uwauze amuna akowo kuti chitini sichinaphonyepo."

Koma a Lingisoni anali atatsimikiza kale. Anagulitsa ng'ombe imene malume awo anawasiyira, anayenda kuboma mpaka chilolezo chinatuluka, ndipo m'mawa wina anakwera basi ndi Nangondo kupita m'tauni. Kumunda kunatsala apongozi okha ndi chitini chawo.

Mwini sitolo ya mfuti anali a Matewere, munthu wodekha, wolankhula ngati akuwerenga mawu a m'buku.

"Mukufuna kuombera chiyani, akulu?"

"Apusi."

"Amakhala patali bwanji?"

"Kuchokera pansanja kukafika pamkuyu. Mwana akhoza kuponya mwala n'kufika."

A Matewere anatsitsa kamfuti kakang'ono, kopepuka.

"Yanu ndi iyi. Siimenya phewa, siigonthetsa m'khutu, zipolopolo zake sizivuta kupeza. Munthu woyamba kumene amaphunzirira imeneyi."

A Lingisoni anaigwira, anaitembenuza, anaiika paphewa.

"Ichi chakoma," anatero.

Koma maso awo anali kale pakhoma, pomwe panapachikidwa chimfuti chachitali, thabwa lake lonyezimira ngati guwa la m'tchalitchi.

"Koma ichi chakoma."

"Imeneyo ndi ya njati, akulu."

"Chopha njati chingalephere pusi?"

"Pusi sichingamulephere, ngati mwamupeza. Koma imeneyi ikalira imabwezera. Imamenya mwini wake ngati bulu."

"Ine ndinakulira pangolo," anatero a Lingisoni. "Bulu ndimamudziwa."

A Matewere sanatsutse. Munthu wogulitsa amachenjeza kamodzi, kachiwiri amayamba kukulunga katundu.

Kenaka anafika pa magalasi. Galasi limeneli, ana inu, ndi kampope komangirira pamwamba pa mfuti. Ukasuzumiramo, chinthu chakutali chimabwera pafupi, ndipo m'kati mwake muli timizere topingasa tokuonetsa pomwe chipolopolo chikagwere. A Matewere anawapatsa laling'ono. A Lingisoni analozetsa kukhomo, n'kuona mayi wogulitsa nthochi kutsidya la msewu ngati waima pamphuno pawo.

"Ichi chakoma."

Anatenga lokulirapo, n'kuona ntchentche itatera pa nthochiyo.

"Iii, Nangondo, ikusisita manja! Ichi chakoma."

Anatenga lalikulu kuposa onse, lalitali ngati mkono, n'kuona buluzi akuwothera dzuwa pa denga la kutali kumapeto a tauni.

"Ichi ndiye chakomeratu."

"Limenelo ndi la kuchigwa," anatero a Matewere, "komwe nyama imakhala kutsidya la dambo. Pafupi simudzaona kanthu. Mudzangoona ubweya, osadziwa ngati ndi wa kumutu kapena wa kumchira."

"Ubweyawo ndiye pusiyo," anayankha a Lingisoni.

Nangondo anawakoka malaya.

"Abambo, dzuwa likupendeka. Amayi ali okha kumunda."

"Zinthu za amuna sathamangira, Nangondo."

Zinatsala zipolopolo. Mabokosi anali ambiri, ena ofiira, ena obiriwira, lina lojambulidwa mkango utayasamula. A Lingisoni ankanyamula ili, kusiya, kunyamula lija, ndipo pa lililonse mawu anali omwe aja.

"Zipolopolo sasankhira chithunzi," anatero a Matewere. "Nambala imene yadindidwa pa mpope wa mfuti ndi imene muyang'ane pabokosi. Zogwirizana ndi yanuyi ndi izi zopepukirapo, ndi izi zolemera."

Zolemerazo zinali za mkango uja. Nkhani inathera pomwepo, kapena tinene kuti inakayambiranso, chifukwa atakulunga zonse a Lingisoni anapempha kuti aonenso kamfuti kakang'ono kaja. Atakagwira anati kakoma. Atayang'ana chachikulu anati chakoma. Anamasulitsa katundu, anakulungitsanso. Pomwe ankatuluka, basi yomaliza inali itapita, ndipo anakafika kumudzi mawa lake masana. Anapeza apusi atadya ngodya yonse ya munda ya kufupi ndi phiri, chifukwa munthu mmodzi sangaombe chitini mbali zinayi.

Ndaiwala chinthu chimodzi. Pakhomo la sitolo paja a Matewere anawaitana.

"Akulu, musanaombere chamoyo, mukakhome katoni pachulu. Mukayeserepo mpaka galasi ndi mpope zigwirizane. Ndipo diso lisamagunde galasi."

"Zipolopolo zokongola chonchi," anatero a Lingisoni, "ndikawonongere katoni?"

M'mawa wotsatira analengeza pabwalo.

"Nangondo, uwauze amayi kuti lero zitini zipume. Aliyense asayandikire kumunda. Ndikufuna apusi abwere onse, ndithane nawo kamodzi."

Anavala chijasi chotuwa, chaubweya, chimene anagula pa kaunjika. Pachipewa anasomeka masamba kuti asaoneke. Atafika kumunda anayang'ana nsanja, n'kuona kuti ndi yaifupi kwa munthu wa mfuti yotere. Anakwera mumkuyu wa m'mphepete mwa munda, n'kukhala pa nthambi, dzanja limodzi litagwira mfuti, lina litagwira mtengo.

Apongozi mtima sunawakhale. Anatenga khasu n'kupita kukaunda mizere ya mbatata kuseri kwa tsekera, pafupi ndithu. Nangondo anali pachitsime, chakumunsi pang'ono.

Apusi anadikira chitini. Chitini zii. Anatsika, kutsogolo chimphongo chachikulu, pambuyo aakazi ana ali kumimba, n'kubalalika m'munda monse.

A Lingisoni anaika diso pagalasi. Anaona zobiriwira zokhazokha. Anasuntha pang'ono, anaona zotuwa, kenaka zobiriwira. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana ndi maso awo enieni. Chimphongo chija chinali poyera, chikusenda dowe mosatekeseka.

"Ameneyu ndiye woyamba," ananong'ona.

Asanamupeze m'galasi, anaona wina kumanzere, wonenepa, atapanira zimanga ziwiri m'khwapa.

"Koma uyu ndiye wakuba weniweni."

Anatembenuzira mfuti kumanzere. Kumanja kunatulukira wina wamchira wautali, atakhala pachulu ngati akudikira kujambulidwa.

"Koma uyu wakhala bwino."

Kumanja, kumanzere, kumanja. Chimfuti chinali cholemera, dzanja limodzi linatopa. Anasiya mtengo uja n'kugwira mfuti ndi manja onse. Nthawi yonseyi m'munda munkangomveka phwa, phwa, mapesi akuthyoka.

Ndiye panali kapusi kena kakang'ono kamene kanakwera mumkuyu momwemo kufuna nkhuyu. Kanaona chinthu chonyezimira pakati pa masamba. Kanayenda panthambi, kanayandikira, n'kusuzumira kumapeto kwa galasi kuja. A Lingisoni, diso lawo litakanikiza mbali inayo, anangoona mdima, ndipo mumdimamo chidiso chachikulu ngati mbale chikuphethira.

Chala chinakoka chokha.

Guu! Phiri linayankha, guu! Komwe chipolopolo chinapita palibe akudziwa mpaka lero. Kapusi kaja sikanathothoke ngakhale ubweya umodzi. Koma bulu uja anagwira ntchito yake. Mfuti inawamenya paphewa, galasi linawaluma pamwamba pa diso, ndipo a Lingisoni anatsika mumkuyu osagwiritsa ntchito manja, nthambi zikuwapatsirana, mpaka phi! m'tsekera, miyendo m'mwamba, chipewa cha masamba chitaphimba nkhope. Mpweya unawathawa.

Ayi, Zaithwa, sanafe. Tsekera anali wambiri. Usagwire pakamwa, zoopsa zenizeni zikubwera.

Apongozi anamva kulira kwa mfuti, ndipo atadzutsa mutu anaona chinthu chachikulu chotuwa chikugwa mumtengo. Mtima wawo unayera koyamba chibwerere mkamwini pamudzipo.

"Amupeza! Nangondo, thamanga! Pusi wagwa chagada! Chimphongo chija!"

Anagulula khasu, n'kutsala ndi mpini, n'kulowa m'tsekera. Anaona chaubweya chikuphupha m'masamba. Pusi wovulala amaluma, aliyense amadziwa, ndiye sanafune kuchipatsa mpata.

"Ndiwe unandidyera ngodya yonse dzana!"

Pha!

A Lingisoni anawazindikira mawu. Mpweya unali utayamba kubwerera, koma akanatani? Chikwatirire sanalankhulepo ndi apongozi. Ayambe lero, atagona chagada? Analuma mlomo.

"Ndakuimbira chitini mpaka mkono kutupa!"

Pha!

Anapirirabe. Anali munthu wopusa, koma mwambo ankaudziwa. Mpini utakwera kachitatu, anatembenuzira mutu kuchitsime n'kukuwa ndi mphamvu zonse zotsala.

"Nangondo! Nangondo iwe! Uwauze amayi kuti ndi ine!"

Mpini unaima m'malere. Apongozi anaona nsapato. Pomwepo anatembenuka, anakokera chitenje kumaso, n'kuima chilili akuyang'ana phiri. Awiriwo anakhala choncho, wina chogona, wina choima, mpaka Nangondo anafika ali wefuwefu, ndowa atataya panjira.

"Mayo ine! Abambo! Amayi, mwatani?"

"Uwauze amuna akowo kuti pepani," anatero apongozi, akuyang'anabe phiri. "Uwauzenso kuti ine sindinamve kuti masiku ano akamwini akupsa mumkuyu."

"Uwauze amayi," anabuula a Lingisoni, "kuti palibe kanthu. Mkono wawo ukadali wamphamvu, tikuthokoza."

Anthu a pamudzi anali atamva kukuwa kuja. Anafika ndi agalu ndi zibonga kudzaona chimphongo chimene chinawasautsa zaka zambiri. Atachiona, ena anakhala pansi ndi kuseka. Anabweretsa ngolo, anawakweza a Lingisoni pamodzi ndi mfuti yawo, ndipo gulu lonse linaperekeza, aliyense akufuna kumva bwino momwe zinayendera. Kumunda sikunatsale munthu.

Apusi sanathawire patali. Anangokwera pamiyala n'kumaonerera. Ngolo itazimiririka, anatsika n'kupitiriza pomwe anasiyira. Pomwe apongozi ankakumbukira chitini n'kuthamangira kumunda, chimanga choposa theka chinali mapesi okhaokha.

Chaka chimenecho nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe. Banja linadya chinangwa, ndipo a Lingisoni, atachira, anayenda maganyu m'minda ya anthu, pamwamba pa diso pali chipsera chonga mwezi watsopano. Pambuyo pake anabwerera kwa a Matewere, anasinthitsa chimfuti chija ndi kakang'ono kaja ndi kagalasi kake, anakhoma katoni pachulu n'kuphunzira pang'onopang'ono. Chaka chotsatira apusi ankawadziwa, ndipo ankati akawaona pansanja, n'kubwerera kuphiri. Munthu amaphunzira, ana inu, ngakhale atachedwa. Koma chitini sanachisiye. Apongozi sanalole.

Mwambi wokha unabadwa tsiku la ngolo lomwelo, chakumadzulo. Nangondo anali pakhonde akuwathowa amuna ake ndi madzi otentha. Apongozi anakhala kuseri kwa mpanda, atatopa, chitini chili pamwendo.

"Nangondo, tandiuza. M'tauni muja munachedwa ndi chiyani?"

Nangondo anafinya kansalu, n'kuyamba kuyerekeza mawu a amuna ake. Anafotokoza za kamfuti ndi chimfuti, za ntchentche ndi buluzi, za bokosi la mkango, za kumasula ndi kukulunganso. A Lingisoni anangotseka maso. Ndi okhawo ankadziwa kuti ngakhale mumtengo muja nyimbo inali yomweyo.

Kenaka apongozi anagogoda chitini chawo kamodzi, pang'ono chabe, n'kunena mawu amene ndakuuza lero, mwana wanga, thobwa lako lili pansi:

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada."