Nangongwe Yonse Inavotera Ukwati Wanga

Abale, nkhani iyi ndikaikumbukira ndimafuna kulowa pansi pa bedi. Koma imvani, nanunso museke.

Nthawi imeneyo akazi anga, amake Grace, anali atandichokera. Anakakhala kwa akulu awo ku Shimabala chifukwa cha mowa wanga, ndipo sindiwadandaula, ndinali wovuta. Mowawo ndinasiya, kutchalitchi ndinayamba kupita, koma zowaimbira foni? Manyazi!

Mu section mwathu ku Nangongwe tili ndi kagulu ka maneba kokonza ma braai, maphwando owotcha nyama. Kale tinkakangana mpaka nyama kupserera. Ndiye ba Mwila, mayi amene ndi secretary wathu, anatiikira app m'mafoni. Anati ndi ya blockchain: munthu amalemba ganizo lake, onse n'kuvota Yes kapena No, ndipo cholembedwa sichifufutika ngakhale a chairman alire bwanji. Ine ndinangogwedeza mutu ngati ndamva.

Braai ya kumtsinje itayandikira, ndinatsegula app ija m'mawa wina, n'kuona kuti dzina la amake Grace likadalipo pakati pa mamembala. Pansi panali kabokosi kolembamo. Ndinati basi, apa ndiye poyankhulira nawo mwakachetechete.

Ndinalemba ndi chala chimodzi: "Amake Grace, mowa ninasiya. Nshima nikaphika, na galu aikana. Bwelani ku braai, ndipo mukafuna mubwelele kunyumba. Nakusowani maningi."

Ndinadina Send.

Ndisanamalize tiyi, foni inalira. Anali ba Zulu, a nyumba yoyandikana ndi yathu.

"Ba Banda! Navota Yes, mudala! Ija ya galu ni zoona, ine ndine mboni."

"Galu uti? Mwavota chani?"

"Proposal yanu! Group yonse ibelenga!"

Ndinathamangira kwa ba Mwila nditavala patapata mwendo umodzi. Ndinawapeza akuchapa, foni ili pa njerwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Ba Mwila, futani ichi, napapata!"

"Sichifutika, ba Banda. Ninakuuzani. Chili pa makompyuta yambili, dziko lonse."

"Na ku China?"

"Na ku China kwamene."

Ndinabwerera kunyumba. Ma Yes ankangokwera. Akazi a abusa, Yes. Ogulitsa malasha pa kona, Yes. Ngakhale amayi ena amene sitinkalonjerana chifukwa cha nkhuku zawo, Yes! Ine mantha anga anali amodzi: amake Grace ndi munthu wamanyazi, sakonda kuti nkhani za m'nyumba zituluke panja. Ndinkaona kuti ndawayalutsa, ndipo sadzabweranso.

Pamenepo ndinaona kabatani kofiira. Pa foni, chofiira ndi chodulira. Ndinati mwina mwini nkhani akadina, zonsezi zizima. Ndinadina mwamphamvu, n'kupuma.

Tsiku la braai ndinadzipereka kuwotcha nsomba kuti ndibisale mu utsi. Aliyense wodutsa ankandisisita pamsana. "Limbani, ba Banda!" Ine maso ali kumsewu, uku ndikunamizira utsi kuti ndiwo ukunditulutsa misozi.

Nshima itapsa, minibus inaima. Anatsika amake Grace, chitenje chatsopano, chikwama chachikulu pamutu. Anabwera molunjika pa mbaula panga, foni ili m'manja.

"Atate ake Grace."

"Mayi."

"Mwaonda."

"Ni nshima ija."

Anayang'ana pansi. Kenako anandionetsa foni.

"Nangongwe yonse yakamba kuti nibwele. Na ine navota Yes. Manje pali munthu umozi chabe wamene anavota No. Zina lake ni Banda. Mumuziba?"

Nsomba inagwera m'makala. Ndinagwada pamchenga pomwepo, pamaso pa abusa ndi ana omwe.

"Ninaona monga ni kodulila, amake Grace! Nichinje manje manje!"

"Sichichinjika!" gulu lonse linakuwa ngati kwaya.

Amake Grace anaseka mpaka misozi, kuseka kumene ndinali nditakusowa m'nyumba muja. Anatula chikwama n'kundisenzetsa pamutu.

"Nyamulani, tiyende. Majority yawina. Imwe muzankala opposition mu nyumba."

Mwamuna mnzanga, ukafuna kupepesa kwa mkazi, kwera minibus ukagwade wekha, foni ili ndi mboni zambiri.