Sabata Yanga Yochenjeza za Moto Wolusa

Lolemba

Kwatentha kuno kwa Katunga, nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Komiti yoona za ngozi yandisankha kuti ndizichenjeza anthu pa foni moto wolusa ukabuka. Chifukwa chake: foni yanga ndi yaikulu kuposa za onse.

Ndatsegula gulupu ya mauthenga pa foni, anthu makumi atatu. Malamulo:

1. Waona utsi, lemba malo ake.
2. Nkhani za moto basi.
3. Zithunzi za maluwa ayi.

Chaka chino sikupsa kanthu. Dongosolo!

Lachiwiri

Zimene zalowa m'gulupu kuyambira m'mawa: mavesi asanu ndi awiri, maluwa, tonde wogulitsa, chidziwitso cha maliro a ku Nsanje, maluwa ena. Za moto, zii.

Mai Nyakuipa, amene nkhokwe zawo za mapira zili m'mphepete mwenimweni mwa tchire, ali ndi kafoni ka mabatani. Ndapita kukawauza kuti iwo ndiziwalembera meseji paokha. Akuti: "Zowerenga ine nkhabe, achimwene. Moto ndimauona ndi maso."

Lachitatu

Tsiku loyeserera. Ndalemba kuti: "MOTO KUDAMBO, tikungoyesa." Anthu awerenga mawu awiri oyamba okha.

Khumi ndi mmodzi athamangira kudambo ndi ndowa. Akapeza a Fole akuotcha njerwa zawo, zimene aumba miyezi iwiri. Uvuni athira madzi mpaka wazima. Liwiro lake labwino ndithu, ndalilemba m'kope.

A Fole: "Njerwa zanga zinakulakwirani chiyani?"

Atuluka m'gulupu. Abale awo asanu ndi mmodzi awatsatira.

Lachinayi

Batire yatha. Mawaya a magetsi ochokera ku Kapichira amadutsa pamwamba pa munda wanga, koma ine ndimatchaja pa sola ya wometa tsitsi. Foni yanga ili pambuyo pa mafoni ena khumi ndi awiri.

Netiweki nayo ikugwira pachulu cha kuseri kwa tchalitchi pokha. Ndaima pamenepo ola lathunthu, mkono uli m'mwamba. Nyerere zafika m'mawondo.

Akazi anga: "Udzu wofolera nyumba uja mwaunjika pafupi ndi tchire. Mulambula liti?"

Mawa. Munthu ndili ndi udindo.

Lachisanu

Wakhama kuposa onse m'gulupu ndi mlamu wanga Zuze, mlongo wa akazi anga. Tsiku lililonse amafunsa kuti kwapsa kale kuti, kwatsala kuti. Ndakhala ndikumuyamikira pamaso pa anthu.

Lero ndakumana naye atanyamula khasu, machesi ndi thumba la mbewa. Akuti gulupu ikumuthandiza kwambiri, sakuyendanso mtunda pachabe.

Ndamuchotsa. Akazi anga sakundiyankhula. Kulambula sindinalambule.

Loweruka

Masana, chimphepo. Utsi wakuda kumadzulo. Moto weniweni!

Liwiro mpaka pachulu. Ndalemba bwinobwino, malo ndi kumene mphepo ikulowera. Ndatumiza. Uthenga ukungozungulira, osachoka.

Kumusi Mai Nyakuipa akumenya chidebe ndi mpini, uku akukuwa. Mudzi wonse wamva. Pachulu pamaoneka bwino: amuna ndi nthambi zaziwisi, amayi ndi ndowa, a Fole patsogolo, akazi anga akukoka mbuzi kuzitulutsa m'khola. Ine mkono m'mwamba.

Zapulumuka: nkhokwe za Mai Nyakuipa, mbuzi zathu zonse, nyumba.

Zapsa: udzu wanga mitolo makumi anayi, chimbudzi, mpando wa njinga.

Mvula ili pafupi, ndipo denga lathu munthu ukagona chagada umaona kumwamba. Akazi anga andiyankhula tsopano. Mawu ake sindilemba muno.

Lamulungu

Kutchalitchi. Ndakhala kumbuyo, malaya akununkhabe utsi.

Ulaliki uli mkati, netiweki yagwira mwadzidzidzi, mafoni alira onse pamodzi. Uthenga wanga wadzulo wafika: "MOTO kumadzulo, ukubwera kumudzi, thamangani!"

Kwaya yayamba kutuluka, kenako amayi a chigwirizano, kenako abusa, Baibulo lili m'khwapa. Wina wagwetsa benchi. Panja ndikumva akufunsana za ndowa.

Ndatsala ndekha. Sindikudzuka, kumeneko kulibenso choti chipse. Foni ndathimitsa.

Mawa ndinola chikwakwa, ndikafune udzu wina kutsidya kwa Shire, ngati ulipo.