Thobwa Lomwe Ndinabisa ku Chidikiro

Mwana wanga wamkazi dzina lake lenileni ndi Tadala, koma mukafika kwathu kufupi ndi Thuchila n'kufunsa za Tadala, anthu angokuyang'anani. Funsani za Thobwa, akulozerani nyumba. Dzinali silinachokere kwa azakhali ake kapena kutchalitchi ayi. Linachokera ku umbombo wa mayi ake, ineyo. Nkhaniyi yayenda kale m'makutu ambiri, aliyense akuthirako mchere wake, ndiye ndati ndiinene ndekha mmene inayendera.

Ndinapita ku chidikiro mimba itangokwana miyezi isanu ndi itatu. (Kwa osadziwa, chidikiro ndi nyumba ya pachipatala momwe amayi oyembekezera timakakhala masiku akayandikira, kuti matenda akayamba asatipeze kutali.) Chipatalacho sindichitchula, chifukwa anamwino ake akadalipo, ndipo akandiona amaseka mpaka lero. Ena amapita ku chidikiro mochita kukankhidwa, koma ine ndinathamangirako ndekha. Pamimba yanga yoyamba matenda anandiyamba kunyumba, tinachedwa kupeza njinga yamoto, ndipo mwana anabadwira panjira osalira. Zimenezi sindinauze munthu aliyense pachidikiropo. Wina akafunsa za mwana woyamba, ndinkasintha nkhani n'kuyamba kudandaula za kutentha.

Tinalimo azimayi asanu ndi anayi m'chipinda chimodzi, mphasa zoyalidwa mondondozana. Wotitsogolera anali amake Esinati, mayi wothyola tiyi kuesiteti, amene anali ndi mimba yachisanu ndi chimodzi. Palibe anawasankha, anangopezeka kuti akulamula ndipo tonse tikumvera. Miyendo yawo inali yotupa ngati mitondo, bipi yokwera, ndipo anamwino anawaletsa kuyendayenda, koma pakamwa sanawaletse. M'mawa uliwonse ankayenda mphasa ndi mphasa kufunsa kuti, "Wasewera wanuyo?" Ukayankha mokayika ankakumwetsa madzi ozizira n'kukhala nawe pompo, dzanja lawo lili pamimba pako, mpaka mwana atagunda.

Lamulo lawo linali limodzi: chalowa pakhomo ili n'cha tonse. Kaya ndi nanazi, kaya chinangwa, kaya kambale ka nyemba za kalongonda, zonse zinkaikidwa pamphasa yapakati n'kugawidwa. Lamuloli linali ndi chifukwa chake. Panali ena opanda owayendera, monga Rozina, kamtsikana kochokera kumalire, ka mimba yoyamba, mwana wake atagona chopingasa, mwamuna ali ku Joni. Rozina ankadya chifukwa cha lamulo limeneli. Ine ndinkalilemekeza kwambiri, makamaka chakudyacho chikakhala cha ena.

Ndiye panabwera nkhuli. Amene munakhalapo ndi pakati mukuidziwa. Ine yanga inali ya thobwa, osati thobwa wamba la pamsika wa Chonde, koma la mawere lophika mayi anga. Ndinkalilota masana dzuwa likuswa mtengo. Lamulungu lina bambo akunyumba anabwera panjinga, ndipo ndinawachingamira kugeti. Anatulutsa m'jumbo botolo la pulasitiki la malita awiri, lodzaza mpaka pakhosi.

"Atumiza amayi ako," anatero. "Ati ukagawireko anzako."

"Ndamva," ndinayankha.

Kumva ndinamvadi. Koma pochoka pageti paja kufika pakhomo la chidikiro, mutu unagwira ntchito. Pakamwa pasanu ndi panayi, aliyense kapu yake, ine nditsala ndi matsukwi a pansi. Ndinalowetsa botolo lija m'chitenje, pansi pa mimba (ubwino wa mimba yaikulu ndi umenewu, palibe amafunsa chotupa china), ndipo nditalowa ndinalikulunga m'bulangete langa.

Masiku awiri ndinkamwa mobisa kuseri kwa bafa ngati wakuba. Unali mwezi wa Okutobala, malata akuchita kulira ndi kutentha, ndipo thobwa silidikira munthu. Linayamba kusasa, botolo n'kulimba ngati ng'oma. Pofika tsiku lachitatu, ukangopotoza chotsekera linkachita kupuma.

M'mawa wa tsiku limenelo anamwino anatiphunzitsa za nsupa, thumba la madzi lomwe mwana amakhalamo m'mimba. Anati ikasweka madzi ake amayenera kukhala oyera. "Koma mukaona madzi othimbirira, ofiirira kapena obiriwira, okhala ndi timisere, musadikire kanthu. Ndiye kuti mwana watopa. Thamangani." Ena ankamvera akuyasamula. Ine mawu aliwonse anakhazikika mumtima, chifukwa ndinkadziwa kuchedwa kumatanthauza chiyani.

Titadya masana, anzanga anatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Apongozi anga, omwe ankandidikirira, anali atapita kumaliro kumudzi. Ndinanamizira msana n'kutsala ndekha m'chipinda. Ndinatulutsa botolo lija, koma nditangomeza kawiri, ndinamva patapata akukwekwereza pakhonde. Kayendedwe kameneko kanali ka munthu mmodzi yekha. Ndinatseka botolo mwaphuma, ndinalikankhira m'bulangete pakati pa miyendo, n'kugona chammbali maso ali tseke.

Amake Esinati analowa, anandigwira pamphumi, n'kunena motsitsa kuti, "Gonani achemwali, msana umatero masiku akatha." Anandisiyira kachidutswa ka nanazi pambale n'kutuluka. (Inde, ndikudziwa. Musandiyang'ane choncho.) Ndinati ndidikire pang'ono kuti afike kutali. Koma mimba yokhuta, kutentha, ndi thobwa losasa zinagwirizana, tulo tabodza tinasanduka teniteni.

Ndinadzidzimuka ndikumva kunyowa. Chitenje chonse chinali chonyowa, mofunda, kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo. Ndinagwira n'kuyang'ana dzanja. Madzi ofiirira, olemera, okhala ndi timisere.

Abale, za thobwa zonse zinachoka m'mutu. Ndikulumbira. Chomwe ndinaona ndi msewu wafumbi uja, ndi chitenje chomwe anakulungamo mwana wanga woyamba. Ndinakuwa mawu omwe sindinkadziwa kuti ndili nawo.

"Mayo ine! Nsupa! Mwana wanga watopa!"

Simunaonepo azimayi asanu ndi atatu a mimba zakupsa akuthamanga nthawi imodzi. Anapanikizana pakhomo, wina kutukwana, wina kuitana Yesu. Amake Esinati, omwe analetsedwa ngakhale kupita kumjigo, ndiwo anali patsogolo. Anangoyang'ana chitenje changa kamodzi, nkhope n'kusintha.

"Rozina, gwira mkono uwo! Amake Yosefe, tengani beseni ndi katundu wake yense, osasiya kanthu! Enanu mutsegule njira!"

Rozina anandivula chitenje chonyowa chija, n'kuthamangira kuchikwama chake. Anatulutsa chitenje chatsopano, chopindidwa bwino, chimodzi mwa ziwiri zokha zomwe anasungira mwana wake.

"Valani kapulana iyi, achemwali," anatero akundimanga m'chiuno. "Musalowe choncho kwa anesi."

Kuchokera ku chidikiro kufika kuchipinda chochirira si patali, koma tsiku limenelo njira inatalika. Amake Esinati anali kumanja, Rozina kumanzere, ena akukankha kumbuyo, wina atanyamula chitenje chonyowa chija ngati umboni. Pakati pa njira m'pamene ndinamasuka. Ndinalira ndikunena zonse, za njinga yamoto, za msewu, za mwana amene sanalire. Amake Esinati ankapuma movutikira, thukuta lili kamukamu, koma anandifinya mkono.

"Uyu alira," anatero. "Ine ndinaika awiri m'manda, koma si ine ndili pano? Uyu alira. Yendani."

Anamwino anandigoneka msanga, enawo anaima pakhomo. Anaika kalipenga kawo kaja pamimba n'kutchera khutu. Ine maso anali pankhope pawo.

"Mtima ukugunda bwinobwino," anatero. Anandiyeza, n'kukwinya nkhope. "Nsupanso ili m'malo mwake. Tabweretsani chitenjecho."

Anachiyang'ana, anachigwira, kenako anachiyandikitsa kumphuno. Anandiyang'ana ine. Anachinunkhizanso. Nthawi yomweyo anatulukira amake Yosefe, beseni pamutu, chikwama kuphewa, bulangete langa kukhwapa, chifukwa anauzidwa kuti asasiye kanthu. Bulangete lija linamasuka. Botolo linagwa pansi, linagubuduzika pasimenti pang'onopang'ono, n'kukaima paphazi pa anamwino, likutulutsa thovu.

Onse maso anali pa botolo lija. Ine pabedi paja nzeru zinabwerera zonse nthawi imodzi, ndipo ndinalakalaka simenti itang'ambika.

"Zaka zonse ndagwira ntchito ino," anatero anamwino, "sindinaonepo nsupa yokhala ndi chotsekera."

Amake Esinati anatola botolo lija, ananunkhiza, n'kulawa pang'ono. "La mawere," anatero ngati oweruza mlandu. "Komanso si la lero. Achemwali, masiku angati?"

"Atatu," ndinayankha ndili chophimba kumaso ndi chitenje cha Rozina.

Kuseka kwake kunali kwa anthu omwe mantha angowachoka kumene. Ena anakhala pansi pakhonde atagwira mimba, Rozina akulira ndi kuseka pamodzi, mpaka anamwino anawaopseza kuti aliyense wochirira pakhondepo akolopa yekha. Koma atawayeza amake Esinati, kuseka kunatha. Bipi inali itakwera chifukwa chothamanga kuja. Anawakalipira, anawapatsa mankhwala, n'kuwalamula kugona masiku awiri osadzuka.

Apa ndiye panandiwawa kuposa manyazi. Mayi anaika moyo wake pachiswe chifukwa cha ine, kamtsikana kanapereka chitenje cha mwana wake, ine ndikuwamana kapu ya thobwa. Masiku awiriwo ndinakhala pamphasa pawo ndikuwakupiza ndi katoni, ndikupepesa mpaka iwo anatopa nane.

"Thobwalo sindikudandaula nalo," anatero. "Nkhuli ya mimba ndikuidziwa, ine ndinabisapo mutu wa nsomba m'nsapato. Koma zinazo, za mwana uja, mumazisungiranji nokha? Nazonso zimasasa."

Chitenje cha Rozina ndinachichapa katatu, koma banga silinachoke. Ndinatuma bambo akunyumba kuti abweretse thobwa la chigubu chathunthu, n'kuliika ndekha pamphasa yapakati. Analimwa, koma aliyense asanamwe ankafunsa kaye kuti, "Ili ndi la mubotolo kapena la m'nsupa?" Ndikangodzuka pamphasa wina ankakuwa kuti, "Mwatseka bwino, achemwali?"

Mungaganize kuti ndinaphunzira. Kuphunzira ndinaphunziradi, koma phunziro lolakwika. Patatha masiku asanu ndi atatu, m'mawa ndikutsuka mbale, ndinamva madzi akutsika m'miyendo. Ndinaima. Ndinayang'ana uku ndi uku. Mumtima ndinati, ndikakuwanso n'kupezeka kuti ndi mkodzo chabe, ndisamuka boma lino. Ndiye ine yemweyo, amene ndinathamangira ku chidikiro poopa kuchedwa, ndinakakhala phee pamwala kuseri kwa khitchini kuti nditsimikize kaye. Ndinakhalapo nthawi yaitali, msana ukuyamba kudula, ndikukukuta mano.

Amake Esinati anali paulendo wawo wam'mawa uja, ndipo atapeza mphasa yanga ilibe munthu anandifunafuna mpaka anandipeza.

"Wasewera wanuyo?"

"Eee," ndinayankha, mawu akutulukira m'mano.

Anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana dothi lonyowa pansi pa mwala. Kenako mayi uja, ndi miyendo yake yotupa, anawerama pang'onopang'ono atagwira khoma, n'kununkhiza nsonga ya chitenje changa.

"Ili si la mawere," anatero. Ndiye anandikalipira mokweza, koyamba chiwadziwireni. "Mwakhala pano chiyambire liti? Manyazi anapha lambe, mukumva? Tikusekeni kakhumi, bola mwana alire! Rozina! Amake Yosefe! Beseni!"

Anandiperekezanso njira yomwe ija, anthu omwe aja, koma ulendo uno amake Esinati anachita kuwagwira kuti asathamange. Anamwino atandiyeza sanaseke. Anati mwana wayamba kutopa, ndipo ndikanakhalabe pamwala paja nkhani ikanakhala ina. Zomwe zinatsatira sindizilemba, amene mukuzidziwa mukuzidziwa. Dzuwa litangopendeka, mwana anatuluka. Panapita kamphindi kochepa kopanda phokoso lililonse, kamphindi komwe sindidzakaiwala. Kenako analira, kulira kwaukali, ngati wamanidwa kanthu.

Kunja kwa windo kunamveka nthungululu, ndi mawu a amake Esinati pamwamba pa onse: "Walira! Thobwa walira!"

Dzina linakhala pomwepo. Bambo ake anayesetsa ndi Tadala wawoyo, koma ngakhale agogo ake amati Thobwa.

Amake Esinati anachira mwana wamkazi sabata yotsatira, ndipo anandilonjeza kuti ameneyo ndi wotsiriza (anateronso pa wachisanu, anandiuza amake Yosefe). Rozina anamutumiza kuchipatala chachikulu, anamuchita opaleshoni, ndipo anabwerako ndi mwana wamwamuna wonenepa, atamukulunga m'chitenje cha banga chija. Ndinamugulira china chatsopano, analandira, koma chakalecho anakana kutaya.

Masiku ano ndikamapita kusikelo ndi Thobwa, ndimanyamula chigubu n'kudzera ku chidikiro. Nkhope zimakhala zachilendo, koma nthawi zonse pamakhala wina wokhala payekha pakona, wosalankhula, wosintha nkhani ukamufunsa za kwawo. Ndimaika chigubu pamphasa yapakati, ndimakakhala pafupi naye, n'kumufunsa ngati wasewera. Umbombo sunatheretu, ndisaname, kabotolo kanga kapadera ndimakhala nako m'chikwama. Koma chotsekera ndimamanga kawiri.