Mmene Nyamalikiti anandikanitsira mpongozi

Mpaka lero ndikamadutsa pa holo ija ya ku Barking, kuno kwa azungu, ndimayang'ana kumbali. Anthu amene analipo tsikulo amaifotokoza nkhaniyi mothira mchere wambiri, choncho ndati ndiinene ndekha, mwina wina angandimvereko chisoni.

Ine ndimakonda basiketibolo. Musandifunse kuti bambo wa imvi, wokulira ku Kasungu akukankha mpira wachikulunga, wogwira ntchito yosamalira okalamba ku Croydon, anayamba bwanji kudwala mtima ndi timu ya ku America. Anandiyambitsa ndi mwana wanga wamkazi ali ku sekondale. Iye anakula n'kuzisiya, matenda anatsalira ine.

Mu timu yathuyo (ndimati yathu ngakhale eni ake sadziwa n'komwe kuti ndili moyo) munali mnyamata wamtali amene kunyumba tinkamutchula kuti Nyamalikiti. Chaka chimenecho kontirakiti yake inatha. Kumeneko kontirakiti ikatha wosewera amakhala mfulu, amasankha yekha kopita, ndipo matimu amamufunsira ngati namwali. Imeneyo ndiye nyengo ya mphekesera. M'mawa mumva kuti akhala, masana kuti amuona akudya ndi mabwana a timu ina, madzulo kuti mkazi wake akufunsa za masukulu mumzinda wina. Ine zonsezi ndinkameza osatafuna. Pa tiramu, kasitima kathu ka m'tauni, foni, pa buleki kuntchito foni, ngakhale mu tchalitchi foni inkabisala m'buku la nyimbo.

Mkati mwa nyengo yomweyo ndi mmene munagwera chinkhoswe cha Yamikani, mwana wa mlongo wanga. Amayi ake ali kumudzi, choncho kuno malume ndine, bambo ndine. Anabwera yekha kuchokera ku Tottenham kudzandipempha.

"Malume, kuno ndilibe wina," anatero. "Mundiimire, mukhale nkhoswe wanga."

Ndinavomera mtima uli myaa, chifukwa mnyamatayu ndimamukonda ngati wobala ndekha, ndipo Tadala, namwali wakeyo, ndi mwana wa ulemu.

Mwambo wake mukuudziwa. Akuchikazi sabweretsa mwini nkhani poyamba. Amayamba abweretsa ena atawafunditsa chitenje, akawavundukula akuchimuna n'kukana, anthu n'kuseka. Azakhali ake a Tadala, anaBanda, namwino wamkulu amene akatsokomola wodi yonse imaima, anandiimbira foni kutatsala tsiku limodzi.

"Tibweretsa awiri onamizira, wachitatu ndiye Tadala. Musasokoneze, a nkhoswe."

Ndinaseka. Kuwerenga mpaka atatu n'kovuta kodi?

Chinkhoswe chinali Loweruka masana, nthawi imene ku America anthu amakhala akudzuka kumene ndi mabodza atsopano. Mayi akunyumba anandilumbiritsa kuti foni sindiikhudza, ndipo ndinalumbiradi. Koma tangokhala pa tebulo la ankhoswe, inayamba kunjenjemera m'thumba la jekete. Ndinapirira. Inanjenjemeranso. Ndinavala magalasi anga owerengera (amene amaonetsa bwino zapafupi, koma chilichonse chopitirira mkono chimasanduka nkhungu) n'kusuzumira pansi pa tebulo. Uthenga unali wakuti Nyamalikiti alengeza kopita lero lomwe.

Mu holomo netiweki inali yofooka, nkhani yonse siinkatseguka. Azimayi anali pakati pa bwalo akuvina, ndiye ndinaganiza kuti mwambo ukadali kutali. Ndinanong'oneza a Mbewe, nkhoswe wamng'ono, kuti ndikupita kuseri, n'kutuluka. Ndinakaima panja pafupi ndi mabini a zinyalala, munthu wamkulu wovala suti, foni m'mwamba ngati ndikudalitsa magalimoto. Kwa ine inali kanthawi kochepa. Chimene sindinadziwe n'chakuti wonamizira woyamba anali atabwera kale, ndipo a Mbewe anali atamukana m'malo mwanga.

Pobwerera ndinapeza wina ataima pakati, atafunda chitenje. Atamuvundukula anthu anafa nalo phwete, ine n'kuimirira mwaulemu: "Ayi, ameneyu si wathu." Mumtima ndinawerenga kuti woyamba wapita. Ndinakhala pansi, foni pantchafu.

Kenako anabweretsa wina. Nyimbo inakwera, nthungululu zinachuluka, ena anaimirira pamipando. Munthu wanzeru akanazindikira. Ine ndinali pakati pa chiganizo chonena kuti ndege ya Nyamalikiti yaoneka pabwalo lina. Atavundukula chitenje ndinadzutsa mutu, magalasi ali pamphuno, n'kungoona chinthu chobiriwira chokhala ndi duku. Wachiwiri, ndinatero mumtima. Ndipo poti woyambayo ndinamukana mouma, ndinati pano ndiwasangalatse anthu.

"Akuchikazi, kodi mukutiyesa ana?" ndinakweza mawu. "Yamikani wathu angakwere sitima kuchokera ku Tottenham chifukwa cha ameneyu? Uyu m'bwezeni kumene mwamutenga, ife sitikumudziwa!"

Ndinadikira kuseka. Kunali zii. Woimba nyimbo anazimitsa makina ake. A Mbewe anandikoka jekete mwamphamvu mpaka batani linathothoka.

"Akulu," ananong'ona, "ndi yemweyo."

Yamikani anangoti, "Malume," mawu ake ali ang'onoang'ono ngati a mwana wotayika pamsika. Sindidzaiwala.

AnaBanda anaimirira pang'onopang'ono. "Mwamva nonse. Nkhoswe wakana pamaso pa mboni. Mwana wathu sanasowe kopita." Anamufunditsanso Tadala chitenje, kumugwira dzanja, n'kuyamba ulendo wa kukhomo, akuchikazi onse pambuyo pawo.

Apa ndiye mantha anandigwira zenizeni. Mawu a nkhoswe si nthabwala, ndipo achibale a kumudzi, kuphatikizapo mlongo wanga, ankaonera zonse pa vidiyo. Mnyamata anandikhulupirira, ine n'kumutayira mkazi ndi pakamwa panga. Ndinathamanga n'kukagwada pakhomo penipeni, maondo anga a nyamakaziwa n'kulira kuti gwede. Ndinaulula zonse, za kutuluka, za magalasi, za Nyamalikiti.

"Foniyo ili kuti?" anafunsa anaBanda. Ndinaipereka ndi manja awiri. Anayang'ana chithunzi chimene chinali pamenepo.

"Ameneyu ndi ndani wanu?"

"Wosewera mpira, mayi."

"Amakudziwani?"

"Ayi, mayi."

"Mukadzagona ku hospital, adzabwera pa visiting hours ndi phala?"

Wina kumbuyo analephera kudzigwira, ndipo holo yonse inaphulika. AnaBanda okha sanaseke. Amene anandipulumutsa ndi Tadala. Anadzivundukula yekha n'kuwerama pamene ndinagwadapo.

"Uncle, chotsani ma glasses. Mundione bwinobwino, then munene."

Ndinachotsa. Misozi inali itajambula mizere pamasaya pake, koma ankaluma mlomo kuti asaseke. Manyazi anandigwira, chisoni chinandigwira, nanenso m'maso munayamba kuyabwa.

"Ndi wathu uyu," ndinatero. "Ndi wathu, ndipo sitimupereka kwa wina aliyense."

Nthungululu zake zinamveka mpaka kusiteshoni. Mwambo unapitirira, koma pogawana nkhuku ya ankhoswe anaBanda anandiikira khosi lokha m'mbale, ndipo ndinalidya mothokoza. Foni anandibwezera anthu atabalalika.

Nyamalikiti sanalengeze kanthu tsiku limenelo, linali bodza ngati ena onse aja. Anadzachoka patapita masiku, kupita ku timu imene ndimadana nayo, osatsanzika n'komwe. Zinandipweteka, sindinama. Timu yathu chaka chonse yakhala ikungolandira zikwapu, ndipo pano mphekesera zayambanso zoti mwina abwerera.

Ukwati wa Yamikani ndi Tadala uli mwezi wamawa, pakati penipeni pa nyengo ya mphekesera. AnaBanda alamula kuti foni yanga ndidzaisiye m'manja mwawo pakhomo la tchalitchi, ndipo ndavomera mosanyinyirika. Chimene sakudziwa n'chakuti ndagula wotchi ija imene imalandira mauthenga pamkono. Amene waiona ndi Tadala yekha, atabwera kudzatichezera Lamulungu lapitali. Anaiyang'ana, kundiyang'ana, n'kundipatsa tiyi atagwada mwaulemu wonse.

"Uncle," anatero, "tsiku limenelo imeneyi ikangolira, ndidzakukanani ndine."

Ndiye ndikuganiza zodzaisiya kunyumba. Ndikuganizabe.